Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi: Phunziro la Ulendo wa Banja ku Nkhalango Zosungirako Nyama

Mawu oyamba

Ana ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amakula akudziwa njovu ya pa chithunzi cha m'buku la kusukulu, ndipo mkango, kambuku ndi nkhwazi amaziona pa chizindikiro cha boma basi. Chodabwitsa nchakuti nyama zonsezi zikupezeka zamoyo pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzinda wa Blantyre, ulendo woti galimoto ikanyamuka m'bandakucha imakafika dzuwa lisanawawe. M'mabanja ambiri mudakali maganizo akuti kukaona nkhalango zosungirako nyama zakutchire ndi chisangalalo cha alendo ochokera kunja ndi anthu a ndalama zambiri. Maganizo amenewa akumanitsa ana maphunziro amene sangawapeze m'kalasi. Akuchititsanso akuluakulu kuiwala kuti moyo wa m'malokeshoni umadalira mitsinje, mapiri ndi nkhalango za kumidzi.

Phunziro lino likufotokoza njira zitatu zimene banja la mu Blantyre lingayende pa tsiku limodzi kapena masiku awiri, zinthu zofunika kuziona pa njira iliyonse, kakonzekeredwe ka ulendo kwa banja lopeza zochepa, ndiponso malamulo a pamsewu ndi a m'nkhalango. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti madzi a pampopi, magetsi a m'nyumba ndi makala a pambaula zonse zimachokera kumene misewu imeneyi ikulowera. Banja loyenda ndi maso otsegula limabwerako likudziwa gwero la zinthu zimene limagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, komanso litaona umboni wakuti malo owonongeka angathe kubwerera mwakale anthu akagwirizana.

Njira yoyamba: kutsikira ku chigwa cha Shire

Msewu wa M1 wopita ku Chikwawa ndiwo waufupi kwa banja lofuna kuona nyama zikuluzikulu. Mzinda wa Blantyre uli pa mtunda wokwera mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene Chikwawa ili pa mamita pafupifupi 100 okha. Mbali yaikulu ya kutsika kumeneku imachitika m'makilomita ochepa a zikhotakhota, kuchokera cha ku Madziabango kufika pa Thabwa. Ana amayamba kumva makutu akutsekeka, mphepo yozizira ikusanduka yotentha, ndipo kumunsi amaona mtsinje wa Shire ukunyezimira pakati pa minda. Apa mphunzitsi wabwino ndi kholo lomwe, pofotokozera ana chifukwa chake milambe ikuchuluka kuchigwa pamene ku Blantyre siioneka kawirikawiri.

Pa chitunda chomwechi pali chinthu china chimene banja silingachilambalale. M'mawa uliwonse amuna amakankha njinga zosenza matumba a makala kukwera nazo kumzinda, ndipo mapiri a m'mbali mwa msewu ali ndi zitsa zambiri kuposa mitengo. Matumba amenewo akupita kumisika ya m'malokeshoni momwe banjalo lachokera.

Akaoloka mlatho wa Kamuzu pa Shire, apaulendo amakhota pa Dyeratu kulowera ku boma la Chikwawa, ndipo kuchokera pamenepo pamatsala makilomita pafupifupi 20 kuti afike pa chipata cha Majete. Nkhalango imeneyi, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 700, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1955. Mbiri yake ndiyo phunziro lalikulu pa ulendo wonse. Chifukwa cha anthu opha nyama mozembera malamulo, odula mitengo ndi ootcha makala, zipembere ndi mikango zinatheratu, ndipo pofika m'chaka cha 1992 m'Majete munalibenso njovu. Munatsala agwape ndi nyama zina zochepa, ndipo alendo anasiya kupitako.

M'chaka cha 2003 boma la Malawi, kudzera mu nthambi yoona za nyama zakutchire, linasayina mgwirizano ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Majete ndiyo inali nkhalango yoyamba ya bungweli mu Africa muno. Chaka chomwecho zipembere zinabwezeretsedwa, njovu zinayamba kufika mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018, akakwiyo mu 2019 ndipo mimbulu mu 2021. Zonse pamodzi, nyama zimene zinabweretsedwa ndi pafupifupi 3,000, ndipo zaswana kufika pa masauzande ochuluka. Nkhalango yonse inatchingidwa ndi mpanda wa waya wamagetsi kuti nyama zisamalowe m'minda ya anthu. Alonda analembedwa ntchito, ambiri a iwo ochokera m'midzi yozungulira, ndipo anthu a m'midzimo anayamba kupindula ndi ulimi wa njuchi, thandizo la ana a sukulu ndi malonda ochitika chifukwa cha alendo. Patangopita zaka khumi kuchokera pamene njovu zinabwerera, Majete inali ndi njovu zokwanira kugawirako nkhalango zina.

Pafupi ndi chipata cha Majete pali mathithi a Kapichira. Apa ndi pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira m'chaka cha 1859 pamene ankakwera mtsinje wa Shire. Lero pamalopa pali makina opukusa magetsi a kampani ya EGENCO, opereka mphamvu pafupifupi mamegawati 130. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, makinawo anaima kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mabanja a m'mawadi onse a mu Blantyre akukumbukira kuthimathima kwa magetsi kumene kunatsatira. Osoka zovala, ometa, owotcherera zitsulo ndi a zigayo anataya ndalama zambiri. Mwana amene waona Kapichira ndi maso ake amamvetsa kuti babu la m'chipinda chake limayaka ndi madzi a mtsinje, ndipo kuti mtsinjewo ukadzala matope ochokera m'mapiri opanda mitengo, babulo limazima.

Banja lokhala ndi nthawi likhoza kupitirira ku Lengwe, kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Lengwe inakhala paki m'chaka cha 1970 ndipo imayendetsedwa ndi boma. Imadziwika chifukwa cha boo, nyama yokongola ya mizere yoyera m'nthiti, imene mwachilengedwe siipezeka kumpoto kopitirira chigwa cha Shire. M'nyengo ya chilimwe alendo amakhala chete m'tinyumba tobisalamo pafupi ndi maiwe, n'kumaona boo, njati, njiri ndi anyani zikubwera kudzamwa madzi. Kumeneku ana amaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yachiwiri: Zomba ndi Liwonde

Msewu wa M3 umachoka ku Limbe kudzera ku Kachere, Mapanga, Njuli, Mbulumbuzi, Namadzi ndi Thondwe mpaka ku Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 65. Ndi msewu wodzala ndi mbiri. Kufupi ndi Namadzi kuli Magomero, kumene amishoni a UMCA motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie anamanga malo awo oyamba m'chaka cha 1861. M'dera lomweli ndimo munachitika mbali ina ya kuukira atsamunda kumene Mbusa John Chilembwe anatsogolera mu Januwale 1915. Ana a sitandade 6 kapena 7 amene amaloweza mayina amenewa pokonzekera mayeso amawamva mwatsopano akadutsa pamalo enieniwo.

Zomba linali likulu la dziko mpaka m'chaka cha 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Nyumba yakale ya malamulo, chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles ndi sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi zonse zili mumzindawu. Msewu wa tala umakwera phiri la Zomba mpaka pamwamba, pamene pali damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda wonse. Pamwamba pomwepo pali malo oonera patali otchedwa Emperor's View, okumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inafikapo m'chaka cha 1965. Kunja kukayera, munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje ataima pamenepo.

Kuchokera ku Zomba msewu umadutsa Domasi, Malosa ndi Machinga n'kutsikira ku Liwonde, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Blantyre. Pa mlatho wa Liwonde pali zitseko zoyendetsera madzi zotchedwa Kamuzu Barrage, zomangidwa m'chaka cha 1965. Zitsekozi ndizo zimachepetsa kapena kuwonjezera madzi otsikira ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene magetsi ambiri a dziko lino amapukusidwa. Pomwepanso amatchinga namasupuni ndi zomera zina zoyandama kuti zisakatseke makina. Madzi omwewa akatsika kufika pa Walker's Ferry, pafupi ndi Nkula, bungwe la Blantyre Water Board limawapopa n'kuwakweza mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kufika mumzinda. Madzi ambiri amene amayi amatunga pa kiyosiki ku Ndirande kapena ku Chilomoni anayamba adutsa pansi pa mlatho wa Liwonde, mvuu ndi ng'ona zitasambiramo.

Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Chipata chake chili pa makilomita ochepa kuchokera m'tauni. Kukongola kwake kwagona pa mtsinje: njovu zimabwera m'magulu kudzamwa madzi pansi pa migwalangwa, mvuu zimadzaza maiwe, ndipo mitundu ya mbalame imene yalembedwa kumeneko ndi pafupifupi 400. Banja lotha kulipira ulendo wa paboti limaona nyama zambiri pa nthawi yochepa kusiyana ndi loyenda pagalimoto.

Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa Liwonde m'chaka cha 2015. Alonda anazula misampha ya waya masauzande ambiri, akakwiyo anabwezeretsedwa mu 2017, mikango mu 2018, ndipo zipembere 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete, zambiri mwa izo kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 njovu zina 263 zinatumizidwa ku Kasungu.

Makolo ayenera kuuzanso ana mbali yowawa ya nkhaniyi. Njovu imene mlendo amaijambula mokondwa ndi yomweyo imene ingathe kumaliza munda wa chimanga usiku umodzi. Anthu oyandikana ndi Liwonde akhala akuvutika ndi njovu ndi ng'ona kwa zaka zambiri, ndipo atasamutsa njovu kupita ku Kasungu, midzi ya mbali ya Malawi ndi ya Zambia inadandaula za mbewu zowonongeka ndi anthu ophedwa. Mtengo wosunga nyama zakutchire amaulipira kwambiri ndi alimi a m'malire mwa nkhalango. Nchifukwa chake mlendo wa m'tauni akagula uchi, madengu kapena zosemasema kwa anthu a m'midzi imeneyi pa mtengo woyenera, amathandiza kuti alimiwo aonepo phindu pa nyama zimene akukhala nazo moyandikana.

Njira yachitatu: Mulanje ndi Thyolo

Njira imeneyi ilibe mikango kapena njovu, koma ndiyo yotsika mtengo, ndipo banja lopanda galimoto likhoza kuiyenda pa minibasi. Msewu wa Midima umachoka ku Limbe kudutsa ku Bangwe, mphambano ya Nguludi ndi Nkando mpaka ku Mulanje. Phiri la Mulanje ndilo lalitali kuposa onse m'Malawi, ndipo nsonga yake ya Sapitwa ndi yokwera mamita 3,002. Kuchokera pa Chitakale msewu umalowera ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya za nkhalango ndi anyamata odziwa njira amene amaperekeza alendo. Ana okulirapo amatha kuyenda wapansi kukafika pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba ndi kubwerako tsiku lomwelo. Madzi a pa dziwelo ndi ozizira kwambiri komanso akuya, choncho ana asaloledwe kulowamo okha.

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Linakhala malo achitatu a Malawi pa mndandandawo, kutsatira paki ya nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Komabe mtengo wa mkungudza, umene ndi mtengo wa fuko ndipo mwachilengedwe umamera pa phiri lokhali, watsala pang'ono kutha chifukwa cha odula matabwa ndi moto wolusa. Kuyambira m'chaka cha 2019 mtsinje wa Likhubula ukuperekanso madzi ku Blantyre: mapaipi amawatengera ku Nguludi kumene amayeretsedwa, kenaka amafika kumadera a kum'mawa kwa mzindawu. Banja la ku Bangwe lili ndi chifukwa chokwanira chodera nkhawa mitengo ya pa phiri la Mulanje.

Pobwerera ndi bwino kudzera msewu wa M2 wodutsa ku Luchenza, Thyolo ndi Bvumbwe. Minda ya tiyi, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, imapereka mpata wokambirana ndi ana nkhani ya thangata ndi ya kuchepa kwa malo olima m'maboma awiriwa. Pa msika wa Bvumbwe banja limagula ndiwo zamasamba, tomato ndi zipatso pa mtengo wabwino, ndalama zina za ulendo n'kubwerera mwa njira imeneyo.

Kukonzekera ulendo

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Banja lopeza zochepa silingatulutse ndalama zonse za ulendo pa malipiro a mwezi umodzi, koma likhoza kusunga pang'onopang'ono kwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kudzera ku banki m'khonde kapena chipereganyu. Popeza m'nkhalango za nyama zoopsa saloleza kulowa wapansi, mabanja opanda galimoto angathe kuphatikizana awiri kapena atatu n'kubwereka minibasi ya tsiku lonse. Magulu a kumpingo, a kumzikiti, a amayi ndi makalabu a zachilengedwe a m'sukulu, amene amathandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, akhala akuyenda motere kwa zaka zambiri.

Ndalama za ulendo zimagawika pa zinthu zinayi: mafuta kapena kubwereka galimoto, zolipira pa chipata, chakudya, ndi zosungira ngozi. Mafuta amawerengedwa mosavuta. Mwachitsanzo, ulendo wa ku Majete ndi makilomita 70 popita ndi 70 pobwera, ndipo kuzungulira m'kati mwa nkhalango kungatenge makilomita ena 40, zonse pamodzi 180. Ngati galimoto imayenda makilomita 10 pa lita imodzi, pakufunika malita 18, ndipo wanzeru amawonjezerapo ena asanu chifukwa cha chitunda cha pobwerera. Mafutawo athiridwe mu Blantyre momwemo, pakuti nthawi zina kumidzi amasowa.

Pa zipata za nkhalango Amalawi amalipira ndalama zochepa kusiyana ndi alendo ochokera kunja, ndipo ana amalipira zocheperapo. Wamkulu aliyense atenge chiphaso chake cha unzika. Popeza mitengo imasintha, mtsogoleri wa ulendo afunse ku ofesi ya nkhalangoyo masiku angapo asananyamuke za mtengo wa munthu, wa galimoto ndi wa woperekeza alendo, komanso za nthawi yotsegulira ndi kutseka chipata. Safunsa anadya phula. Kamba wa paulendo akonzedwe kunyumba: mbatata yophika, mpunga, mazira, zitumbuwa, thobwa ndi madzi akumwa ochuluka, makamaka popita kuchigwa.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana pa madzi. Tchuthi chachitali cha sukulu cha mu Ogasiti chimagwera m'nyengo imeneyi. Mu Okutobala ndi Novembala ku Chikwawa kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, zimene zimavuta makanda ndi agogo. M'dzinja misewu ya m'kati mwa Lengwe ndi Liwonde imasanduka matope a makande, ndipo galimoto zing'onozing'ono zimatitimira. Banja logona kumeneko litenge masikito, chifukwa chigwa cha Shire chili ndi udzudzu wambiri wofalitsa malungo.

Malamulo a pamsewu ndi a m'nkhalango

Galimoto ikhale ndi chiphaso cha COF ndi inshuwalansi zosatha ntchito, tayala lapadera, jeke ndi zizindikiro zonyezimira zoika pamsewu ikawonongeka. Mabuleki ndi matayala ziyesedwe tsiku lisanafike. Potsika chitunda cha Chikwawa kapena cha Zomba, dalaivala agwiritse ntchito giya yotsika kuti mabuleki asatenthe, pakuti ngozi zambiri za m'zitunda zimayamba ndi mabuleki otopa. Pa malo a malonda monga Njuli, Namadzi, Thondwe ndi Dyeratu, makamaka pa tsiku la msika, anthu, mbuzi ndi akabaza amadzaza msewu, ndipo liwiro liyenera kutsika kwambiri. Mabanja obwereka minibasi asalole kupanikizana kupitirira mipando yovomerezeka, ndiponso asalole dalaivala kulawa mowa ngakhale pang'ono. Ulendo ukonzedwe moti onse afike kunyumba kusanade, chifukwa usiku m'misewu ya kumidzi mumayenda njinga ndi ngolo zopanda nyali.

M'nkhalango lamulo loyamba ndi kusatsika m'galimoto kupatula pa malo ololedwa. Njovu ikatseka njira, dalaivala aime patali, asaimbe hutala, adikire mpaka idutse. Njovu ya mwana ndiyo yoopsa koposa. Ana asatulutse mitu kapena manja pazenera, ndipo wailesi izimitsidwe. Kudyetsa anyani n'koletsedwa chifukwa akazolowera amayamba kulanda chakudya ndi kuluma anthu. Pafupi ndi mtsinje wa Shire pasapezeke wosamba kapena wotsuka mbale m'mphepete mwa madzi, pakuti ng'ona imabisala pamalo ooneka abata. Mapepala apulasitiki ndi mabotolo abwerere kunyumba m'thumba.

Pa njira apaulendo angakumane ndi ogulitsa nyama ya m'tchire, mbalame zamoyo kapena makala otsika mtengo. Lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka. Wogula nyama ya m'tchire amapalamula mlandu monga wopha yemwe. Makala opanda chilolezo nawonso ndi oletsedwa ndi lamulo la za nkhalango, ndipo amalandidwa pa zipata za apolisi.

Zimene banja limabwera nazo kunyumba

Galimoto ikamakwera kubwerera mumzinda madzulo, mapiri a Blantyre amaonekera patsogolo: Soche, Michiru, Ndirande, Mpingwe ndi Bangwe. Agogo ambiri akukumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango yowirira, isanathe m'zaka za m'ma 1990. Mtsinje wa Mudi, umene umadzaza damu lopereka gawo lina la madzi a mzindawu, umachokera m'phiri lomweli. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo madera ena a mumzinda, kuphatikizapo Ndirande, anataya anthu ndi katundu. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo phiri lopanda mitengo silingawagwire akayamba kutsika.

Phiri la Michiru, lomwe lili pakhomo pa anthu a ku Chilomoni, linali malo otsala a nkhalango yachilengedwe mumzindawu, okhala ndi afisi, anyani, mbawala ndi mbalame zambiri. M'zaka zaposachedwa nalonso lawonongeka kwambiri ndi odula mitengo ndi ootcha makala. Mwana amene waona Majete akhoza kufunsa makolo ake chifukwa chake Michiru ikutha pamene nkhalango ya ku Chikwawa inadzuka. Yankho lake lili m'zinthu zimene zinachitika ku Majete: malire odziwika ndi olemekezedwa, alonda olipidwa ndi ophunzitsidwa, malamulo otsatidwa mosakondera, ndiponso anthu oyandikana nayo amene amapezapo phindu looneka. Ntchitoyo inatenga zaka makumi awiri. Mapiri a mumzinda safuna njovu kapena mpanda wamagetsi, koma zina zonsezo akuzifuna, ndipo mbali yaikulu ili m'manja mwa makhansala, mafumu, atsogoleri a mabuloko ndi makomiti a chitukuko a m'mawadi.

Pa khomo pali zimene banja lingayambe sabata yomweyo. Mbaula yosunga moto imachepetsa makala ogula pa mwezi. Mitengo yobzalidwa m'dzinja imafuna woisamalira m'chilimwe, pakuti yambiri imafa ndi mbuzi ndi moto chaka chisanathe. Zinyalala zotayidwa mu Mudi, Nasolo, Naperi kapena Lunzu zimakathera mu Shire. Komiti ya wadi ikhoza kuika ulendo wa ana a sukulu pa ndondomeko yake ya chaka, makamaka mu Seputembala, mwezi umene dziko lino limakumbukira ntchito zokopa alendo. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amatchula ntchito zokopa alendo ngati gwero limodzi la chuma cha dziko. Ntchito za alonda, operekeza alendo, madokotala a nyama, ophika ndi oyendetsa maboti zidzafuna achinyamata, ndipo mwana sangasirire ntchito imene sanaionepo.

Mafunso okambirana m'magulu ndi m'makomiti a m'mawadi

1. Mwa njira zitatu zafotokozedwazi, ndi iti imene mabanja a m'wadi angaikwanitse chaka chino, ndipo ndalama zake zingasonkhedwe motani?

2. Kodi madzi ndi magetsi a m'wadi amachokera kuti, ndipo kudula mitengo kumidzi kumakhudza bwanji mtengo ndi kapezekedwe kake?

3. Ndi zinthu ziti zimene zinadzutsa Majete zomwe zingagwiritsidwe ntchito pa phiri kapena mtsinje wapafupi ndi wadi?

4. Kodi mabanja amene amadalira malonda a makala angathandizidwe bwanji kupeza njira zina zopezera ndalama?

5. Ndi ana angati a m'sukulu za m'wadi amene anaonapo nkhalango yosungirako nyama, ndipo komiti ingachitepo chiyani kuti chiwerengerocho chikwere pofika chaka chamawa?